Script ikuyenda pa terminal koma systemd ikuikana

Moni nonse. Mwalemba script yanu, mwaiyesa pa terminal, ikuyenda bwinobwino. Mwaipangira fayilo ya .service kuti iziyendetsedwa ndi systemd, pulogalamu yoyambitsa ndi kuyang'anira ma service pa Linux, mwalemba systemctl start, basi pangotuluka mawu ofiira akuti failed. Musathamangire kusintha script. Yambani mwafunsa systemd yomweyo chimene chavuta.

Lembani systemctl status kenako dzina la service yanu, muyang'ane pamene palembedwa status=. Tinene kuti mwaona 203/EXEC. Nambala imeneyi ikutanthauza kuti script yanu sinayambe n'komwe, systemd yalephera kuidzutsa. Ndiye kufufuza m'kati mwa code panopa n'kutaya nthawi.

Tsegulani fayilo ya service muone ExecStart. Lembani njira yonse kuyambira pa /, monga /usr/local/bin/sunga.sh, osati ./sunga.sh. Onetsetsani kuti munapanga chmod +x pa script kuti iloledwe kuyenda ngati pulogalamu, komanso kuti mzere woyamba wa script ndi #!/bin/bash. Pa terminal, bash imatha kukuyendetserani script yopanda mzere umenewu, koma systemd siichita zimenezo.

Tsopano imvani ichi, chifukwa chimazunguza anthu ambiri. Ngati script munailembera pa Windows, kumapeto kwa mzere uliwonse kumakhala kachizindikiro kosaoneka. Linux imakasaka pulogalamu yotchedwa bash yophatikiza ndi kachizindikiro kameneko, n'kukuuzani kuti fayilo palibe, chonsecho fayiloyo mukuiona ndi maso anu. Lembani cat -A sunga.sh. Mukaona ^M kumapeto kwa mizere, kachizindikiro kaja ndi kameneko, ndipo lamulo la dos2unix sunga.sh lithetsa nkhaniyo.

Mukaona 217/USER, dzina limene mwaika pa User= kulibe pa kompyutayo. 200/CHDIR ndiye kuti systemd yalephera kulowa mu foda imene mwaika pa WorkingDirectory=.

Nanga status ikakhala 127? Apo script inayamba, koma lamulo lina m'kati mwake silinapezeke. Systemd siwerenga .bashrc yanu, fayilo imene bash imawerenga mukatsegula terminal, choncho PATH yake, mndandanda wa mafoda amene imasakamo malamulo, si yofanana ndi ya pa terminal. Lembani journalctl -u dzina -e, muona lamulo limene lasowa, ndipo mulilembe ndi njira yake yonse.

Mukasintha fayilo ya service, musaiwale systemctl daemon-reload, apo ayi systemd ipitiriza kugwiritsa ntchito zakale. Ndipo ngati yanena kuti start request repeated too quickly, ndiye kuti service yayesedwa kupitirira kasanu m'masekondi 10. Lembani systemctl reset-failed, kenako muiyambitsenso.