Makalata a omvera: kodi mzungu akati "cathartic" amatanthauza chiyani?

Moni omvera athu nonse kulikonse kumene muli. Sabata ino talandira makalata atatu ofunsa za liwu limodzi la Chingelezi, liwu loti cathartic, ndipo tiyamba ndi kalata ya mayi wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, m'dziko la England.

Mayiwa alemba motere: "Mnzanga wa kuntchito, yemwe ndi mbadwa ya konkuno, amayi ake anamwalira chaka chatha. Mwezi wathawu anapita kukalongedza katundu m'nyumba ya malemuwo, ndipo atabwerako anandiuza kuti anakhala pansi tsiku lonse akupinda zovala za amayi ake ndi kuwerenga makalata akale, misozi ili chuchuchu. Pomaliza anati, 'It was cathartic.' Ine ndinasowa choyankha, chifukwa sindinadziwe ngati akunena kuti zinamusangalatsa kapena zinamupweteka."

Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanuyi. Mnzanuyo amatanthauza kuti chisoni chimene chinali chitaunjikana mumtima mwake kwa chaka chathunthu chinapeza potulukira tsiku limenelo, ndipo chitatuluka iye anapepukidwa. Ululu unalipo ndithu, koma unali ululu womasula. Liwuli limafuna zinthu ziwiri pamodzi: payenera kukhala katundu wolemera amene munthu wakhala akusenza mumtima, kaya ndi chisoni, mantha kapena mkwiyo, ndipo payenera kukhala chochitika chimene chamutulitsa katunduyo. N'chifukwa chake Angelezi amalinena kawirikawiri pofotokoza za kulira mokwanira, kulemba zonse zakukhosi papepala, kutaya katundu wokumbutsa ukwati umene unatha, kapena kuimba mokweza pamodzi ndi khamu la anthu. Munthu amene wangopumula pamthunzi kapena wadya chakudya chokoma sangalinene, pakuti apo palibe chimene chatuluka.

Ife sitili alendo pa nkhani imeneyi. Pasiwa, wina akamayesa kutontholetsa namfedwa msangamsanga, amayi achikulire amamuletsa ndi mawu akuti, "Msiyeni alire, mtima utsike." Ndiponso anthu awiri amene anasungirana chakukhosi akakhala pansi n'kukhuthula zonse, wina amatha kunena kuti, "Tsopano kukhosi kwanga kwayera." Mwa mawu onse amene ndawaganizira, amenewa ndi amene ndikuona kuti akuyandikira kwambiri. Choncho mayi, mukadzamvanso mnzanu akutero, mudzamuuze kuti mwakondwa kuti zinamuthandiza, ndipo mudzamupatse mpata wofotokoza za amayi akewo ngati akufuna.

Kalata yachiwiri yachokera kwa mtsikana amene akuphunzira unamwino ku Blantyre. Iye akuti: "M'buku lathu la zamankhwala ndapeza kuti cathartic ndi mankhwala otsegula m'mimba, koma pa wailesi yakanema ndinamva wosewera mufilimu akunena kuti ntchito yake inali cathartic. Kodi ndi liwu lomwelo? Nanga amalitchula bwanji?"

Achemwali, ndi liwu lomwelo, ndipo buku lanulo silinalakwitse. Gwero lake ndi liwu la Chigiriki loti katharsis, lotanthauza kuyeretsa kapena kuchotsa zoipa, ndipo litalowa m'Chingelezi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1600, linkanena za mankhwala otsuka m'mimba. Tanthauzo lokhudza mtima linadzera njira ina. Aristotle, wanzeru wa ku Greece amene anamwalira m'chaka cha 322 Yesu asanabadwe, analemba m'buku lake lotchedwa Poetics kuti sewero lachisoni limadzutsa chifundo ndi mantha mwa oonera, ndipo potero limawayeretsa ku maganizo amenewo. Patapita zaka zoposa 2,000, madokotala awiri a ku Vienna, Josef Breuer ndi Sigmund Freud, anafalitsa mu 1895 zimene anapeza pothandiza odwala powalola kukumbukira ndi kufotokoza zowawa zimene anazikwirira mumtima, ndipo njira imeneyi anaitcha dzina lochokera ku liwu lomweli. Lero munthu wamba wa ku London kapena ku New York akalitchula amakhala akunena za mtima, ndipo tanthauzo la m'mimba latsalira makamaka m'mabuku onga lanulo. Pakatchulidwe, gogomezani gawo lapakati, ndipo zilembo za "th" muzitchule lilime lili pakati pa mano monga mu liwu loti think, osati monga timachitira tikamati thumba. Dzina la chochitikacho ndi catharsis, pamene cathartic ndi mfotokozi.

Kalata yomaliza ndi ya bambo wina wokhala ku Johannesburg, ndipo yandikhudza kwambiri. Bambowa alemba kuti: "Abwana anga amandilalatira pamaso pa anzanga pafupifupi tsiku lililonse. Mnzanga wina wandilangiza kuti ndikaweruka ndizikamenya thumba lophunzirira nkhonya uku ndikuganiza za nkhope ya abwanawo, akuti ndi cathartic. Kodi zimathandizadi?"

Pepani bambo ndi zimene mukukumana nazo, pakuti kunyozedwa pagulu munthu uli wamkulu ndi chinthu chowawa zedi. Mnzanuyo waligwiritsa ntchito liwuli monga mmene anthu ambiri amachitira, koma kunena kuti chinthu ndi cathartic kumangofotokoza mmene munthu akumvera pa nthawiyo, ndipo si umboni wakuti mkwiyo wathadi. Mu 2002, katswiri wa zamaganizo wa ku America, Brad Bushman, anafalitsa kafukufuku amene anachita pa ophunzira a ku yunivesite. Atawakwiyitsa ponyoza zimene analemba, ena anawauza kuti amenye thumba akuganiza za amene wawanyozayo, pamene ena anangowakhazika chete kwa mphindi ziwiri. Amene anamenya thumba akuganiza za mdani wawo ndiwo anatsala ndi mkwiyo wochuluka kuposa amene anangokhala chete. Chifukwa chake n'chakuti pomenya thumbalo maganizo amabwerezabwereza chipongwe chija, ndipo mtima umayakanso m'malo mozizira.

Ine ndikuona kuti nkhani yanu ikusiyana ndi ya mnzake wa mayi a ku Leeds aja. Iye analira chifukwa cha chinthu chimene chinachitika kale ndipo sichingasinthike, pamene inu mawa m'mawa mukakumananso ndi abwana omwewo. Masewero olimbitsa thupi musawasiye, koma muziwachita osaika nkhope ya munthu pathumbapo. Muzilemba tsiku ndi mawu amene mwanenedwa nthawi iliyonse, kenaka mupite nazo kwa oyang'anira antchito pakampani yanu kapena ku bungwe loimira antchito, ndipo mudzatilemberenso kuti timve mmene zayendera.