Za mawu ako a pa chinkhoswe aja

Mphwanga, ndamva zimene wanditumizira zija, koma chonde usakawerenge choncho Loweruka. Paja walemba kuti "ife akuchikazi ndife onyada lero", pafufute. Akuchimuna akamva zimenezo aziti tikuwaderera, ngati mwana wathu tikungowachitira chifundo. Wonyada ndi munthu woona anzake ngati opanda pake. Umupatsa moni, akuyankha cha m'mphuno. Umuikira nsima ya mgaiwa ndi bonongwe, angotsina kamodzi n'kusamba m'manja, mwina n'kutsonya komwe. Ngakhale mtsikana wokana amuna onse omufunsira anthu amati akunyada. Ndiye iwe ukaimirire pamaso pa ankhoswe n'kulengeza zimenezo?

Mawu amene ukufuna ndi kunyadira. Ukaika "ira" kumapetoko, mawuwo amafuna munthu kapena chinthu chimene wasangalala nacho. Unene kuti "tikumunyadira mwana wathu" kapena "tikunyadira ubale umenewu". Basi. Usawasiye okhaokha, utchule chimene ukunyadiracho.

Eya, thadzi lija lapezeka? Tambala ndi wa akuchimuna, ife ndi thadzi, musakasokoneze. Ine kuno ku Joni kuzizira kwake, ndikangoganiza za thobwa amene azakhali afulule, mtima ukuwawa. Ndamva kuti asoketsa madiresi awiri, ina yovinira, ina yolandirira alendo. Amenewo ndiye matama, si kunyada ayi. Wamatama amafuna kuti umuone, akuonetsa foni, akuonetsa nsapato, koma adya nawe mbale imodzi. Wonyada safuna n'komwe kuti umuyandikire.

Ndinali pati? Eya, pali pena walemba kuti "sitikufuna mwano m'banjamu". Mwano ndi wa pakamwa, makamaka wamng'ono akamayankha akulu mopanda ulemu. Ngati ukulangiza awiriwo kuti asamaonane ngati wina ndi wotsika, unene kuti asamadererane. Kudzikuza ungathenso kutchula, koma kumamveka ngati ulaliki, zimenezo uwasiyire abusa.

Ndipo nthabwala ija yoti mkamwini asadzanyade akadzalemera, ichotse. Pa bwalo anthu aseka, koma amayi ake aisunga mumtima. Ukakonza unditumizirenso ndimve, lisanafike Lachisanu, pajatu usiku ndimakhala ku ntchito.