Manda a pansi pa nthaka ku Malta komwe amalowetsa anthu 80 okha patsiku

Moni anzanga, takulandiraninso. Lero tili ku Malta, kachilumba kakang'ono pa nyanja ya Mediterranean kum'mwera kwa Sicily. Ambiri a ife dzinali tinalimvera ku tchalitchi, paja ndi komwe chombo chomwe anakwera mtumwi Paulo chinaswekera, njoka n'kumuluma dzanja akusonkha moto. Koma zomwe ndikufuna muone lero, pamene Paulo amafika kuno zinali zitakhala kale zaka zoposa 2,500, zina zoposa 3,000.

Taonani msewu uwu. Muno ndi m'tauni ya Paola, nyumba wamba zogundizana, magalimoto aimika m'mbali, mutha kudutsa osadziwa kanthu. Koma pansi pa nyumbazi pali Ħal Saflieni Hypogeum, manda osemedwa m'thanthwe. Mu 1902 amisiri amakumba chitsime chosungira madzi a mvula pomanga nyumba, mwadzidzidzi anangoona aboola denga la chipinda, ndiye poyamba anabisa kaye nkhaniyo poopa kuti ntchito iima, koma chinthu chachikulu chonchi simungachibise mpaka kale. Woyamba kufukula anali wansembe Manuel Magri, atamwalira mu 1907 ntchito anaipitiriza Themistocles Zammit.

Mkatimo kamera saloleza, foni imatsala pakhomo, ndiye mvetserani ndikufotokozereni. Mumatsika masitepe, kunja kuli dzuwa loswa mtengo koma mkati muli zii, chinyontho mpaka kumva pakhungu. Zipinda zili m'magawo atatu kutsikira pansi mamita oposa 10, ndipo zonsezi anasema anthu omwe analibe chitsulo ayi, amagwiritsa ntchito miyala yakuthwa ndi nyanga za nyama basi. Akatswiri amati munaikidwa mafupa a anthu pafupifupi 7,000. Chomwe chinandigwira mtima ine ndi denga la chipinda china chotchedwa Oracle Room, pali mizere yopiringizika yojambulidwa ndi dothi lofiira ngati katondo, ikuonekabe mpaka lero, ndipo m'khoma muli kabowo koti munthu wa mawu abesi akalankhuliramo mawuwo amanjenjemera chipinda chonse. Munthu anakhala pansi pano ndi kamuni kake kujambula denga la manda a abale ake, zaka 5,000 zapitazo. Ine ndinangoti kukamwa yasa.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu 80 okha, khumikhumi paulendo? Ndi mpweya wathu womwewu. Tikamapuma timatulutsa carbon dioxide ndi chinyezi, zomwe zimadya mwala wofewa wa laimu pang'onopang'ono, komanso magetsi akayaka nthawi yaitali pakhoma pamamera ndere. Kale anthu amangolowa mwaunyinji mpaka utoto uja unayamba kuonongeka, ndiye m'zaka za m'ma 1990 anatsekeratu malowa n'kudzatsegulanso mu 2000 ali ndi makina oyang'anira mpweya. Ena amadandaula kuti tikiti njovuta kupeza, koma ine ndikuona kuti a Heritage Malta, bungwe la boma loyang'anira malo akale, anachita bwino kwambiri, utoto umene uja ukafufutika palibe amene angaubwezeretse. Choncho gulani tikiti pa intaneti kudakali masabata angapo, makamaka nyengo yotentha, ndipo ana osakwana zaka 6 salowa.

Mukatuluka pitani ku Valletta, likulu la dzikoli, ku nyumba yosungira zinthu zakale ya National Museum of Archaeology mukaone kachiboliboli kadongo komwe anakapeza m'mandamo, Sleeping Lady. Ndi mayi wonenepa wagona chammbali pa kabedi, mutu watsamira pamkono, siketi yake ili ndi mapindo, kakang'ono koti n'kukwana m'manja.

Mukalephera tikiti musataye mtima, pamtunda palinso akachisi. Ħaġar Qim ndi Mnajdra ali pagombe la kum'mwera moyang'anana ndi kachilumba ka Filfla, ndipo kuyambira 2009 anawafunditsa chitenti choyera kuti mvula, dzuwa ndi mphepo yamchere zisapitirize kuperesa miyala. Ku Mnajdra, m'mwezi wa Malichi ndi Seputembala tsiku lomwe usana ndi usiku zimafanana kutalika, dzuwa likamatuluka kuwala kumalowa pakhomo penipeni n'kuyenda mpaka mkati mwa kachisi.

Ndiye kwerani sitima ya pamadzi ku Ċirkewwa, mphindi ngati 25 mwafika pa chilumba china cha dziko la Malta chotchedwa Gozo, kuli nyumba ina ya kachisi yotchedwa Ġgantija. Iyi inayamba kumangidwa cha m'ma 3600 BC, mapiramidi a ku Giza ku Iguputo kulibe, zimiyala zakale za Stonehenge ku England kulibe. Miyala ina njolemera matani oposa 50, mpake kuti anthu a ku Gozo ankasimba kuti inanyamulidwa ndi chimayi chachiphona chomwe chinkadya nyemba ndi uchi, mwana ali paphewa. Pamalo a akachisiwa anapeza miyala yobulungira ngati mpira, ndipo akatswiri ambiri amaganiza kuti ndi yomwe amagubuduzirapo zimiyalazo. Imani pafupi ndi khoma lakunja ili muone, mutu wanga sukufika ngakhale theka lake.