Achimwene, Novembala wa ku New Zealand musamukhulupirire

Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Alamu ali bwanji? Ndati ndingokujambulirani mawu, chifukwa nkhani ya ulendo wanu wobwera kuno ku New Zealand ndi yambiri, kulemba sindingathe. Mumvere limodzi ndi alamu, popeza ndikudziwa kuti olongedza ndi iwowo, inu ntchito yanu ndi kufunsa kuti tinyamuka liti.

Mwezi mwasankhawo ndi wabwino, sindikunamizani. Mu Novembala chisanu chimakhala chatha, mitengo yaphukira, ana a nkhosa ali mbwee m'mapiri, komanso chigulu cha alendo chisanafike. Sukulu kuno amatsekera chapakati pa Disembala, ndiye kuyambira pamenepo mpaka kumapeto kwa Januwale dziko lonse limakhala pamsewu, malo ogona amakwera mtengo, ena amadzaziratu. Inu mudzakhala mutazemba zimenezo. Koma Novembala yemweyo ndi wa mitima iwiri. Kumatha kucha bwinobwino, dzuwa lili phwee, munthu mpaka kuvula juzi. Ikamati 2 koloko masana mphepo yatembenuka, yayamba kuchokera kummwera, ndipo kummwera kwa kuno kulibe china koma nyanja ndi Antarctica. Ola lisanathe mukunjenjemera. Ndiye polongedza ndi pokonza ulendo muzikumbukira zimenezi.

Koma tiyambe ndi mapepala. Viza mufunsira pa intaneti ku Immigration New Zealand, ndipo yambani panopa, musadikire kuti tsiku liyandikire. Pamwamba pa ndalama ya viza pali msonkho wa alendo umene amati umathandiza kusamalira zachilengedwe. Kuyambira mu Okutobala 2024 ndi madola 100 a kuno munthu mmodzi, ndipo mumalipirira limodzi ndi vizayo. Tikiti yobwerera ikhalepo. Chinanso, onetsetsani kuti ndege yanu ikudzera kuti. Ngati ikuima ku Sydney kapena ku Perth, fufuzani za viza yodutsira ya Australia musanalipire tikiti, chifukwa mapasipoti ambiri amaifuna ngakhale munthu asakutuluka m'bwalo la ndege. Popanda imeneyo akhoza kukukanizani kukwera komwe mukunyamukira.

Tsono apa alamu amvetsere bwino. Pali fomu yotchedwa New Zealand Traveller Declaration. Ndi yaulere, mumalemba pa foni, ndipo mungaitumize kukatsala maola 24 kuti munyamuke. Aliyense alemba yake. Mmenemo amafunsa ngati mwanyamula chakudya chilichonse, mbewu, zomera, zinthu zochokera ku nyama, zosema zamatabwa, nsapato zoyendera m'tchire, tenti, ndi zina zotero. Anthu a kuno nkhani imeneyi sachita nayo masewera. Dziko lawo limadalira ng'ombe zamkaka, nkhosa, zipatso ndi mitengo, ndipo poti ndi zisumbu zotalikirana ndi mayiko ena, matenda ambiri a ziweto ndi tizirombo ta mbewu sizinafikeko. Kantchentche kamodzi ka zipatso kakapezeka ku Auckland, imakhala nkhani ya dziko lonse.

Ndiye pabwalo la ndege mudzapeza tiagalu tokongola tikununkhiza zikwama. Kakakhala pansi pafupi ndi chikwama chanu, dziwani kuti kapezamo kanthu. Chinthu choyenera kunena mukapanda kunena, chindapusa chake ndi madola 400, ndipo zoti ndinaiwala samva. Chimene chimakola anthu ambiri si katundu wa mu sutikesi ayi, ndi apozi kapena nthochi imene anakupatsani mu ndege, inu n'kuponya m'kachikwama kuti mudzadya kutsogolo. Musanafike pa mzere pali mabini otayiramo zoterezi, tayani mmenemo. Uchi musanyamule n'komwe. Nyama, zipatso zosaphika, mbewu zodzala, siyani. Zina monga nsomba youma, zokometsera ndiwo kapena mankhwala azitsamba, ngati mwanyamula, chongani kuti inde, mukaonetse. Akaona kuti n'zololedwa akubwezerani, akaona kuti ayi atenga, basi, palibe mlandu. Mlandu ndi kubisa. Ndipo muziike pamwamba m'chikwama chimodzi, kuti musakakhuthule zovala zonse pagulu.

Nsapato zanu zija zoyendera, achimwene, zitsukeni kunsi ndi burashi mpaka dothi lonse lichoke. Amazitembenuza n'kuyang'ana m'timipata ta kunsi, ndipo akapeza matope kapena tinjere ta udzu amazitenga kukatsuka inu mukudikira. Mankhwala anu a BP akhale m'mabokosi ake, ndi kalata ya dokotala, ndipo asapitirire a miyezi itatu.

Iyi yatalika, ndidule kaye ndiyambe ina.

Eya, tinali pa zovala. Musanyamule chijasi chimodzi cholemera n'kumati ndathana nazo. Chofunika ndi zovala zosanjikiza: malaya opepuka mkati, juzi pamwamba, kenako jekete yosalowa madzi ndi mphepo. Kukatentha muvula chimodzi, kukazizira muwonjezera. Ku Auckland masana a Novembala amafika cha m'ma digiri 20, koma kuno kummwera, makamaka ku Queenstown ndi kumapiri, m'mawa kumatsika pansi pa 10, ndipo pamwamba pa mapiri chipale chimakhala chikadalipo. Ambulera ndi yongolemetsa chikwama. Ku Wellington mphepo yake imaitembenuza tsiku lomwelo, ndipo miyezi ino ndiyo ya mphepo kwambiri. Kuno ku Christchurch tili ndi ina yochokera kumpoto chakumadzulo, imatsika m'mapiri ili youma ndi yotentha, mitambo n'kupanga uta kumwamba. Mukaona zimenezo sangalalani nako kutenthako, koma jekete isatalikire, kawirikawiri ya kummwera imakhala ili m'mbuyo.

Dzuwa ndiye musalidelere. Ndikudziwa muyankha kuti ife akhungu lakuda dzuwa silitiwotcha. La kuno limawotcha, achimwene, ndipo limawotcha mphepo ikuzizira, ndiye munthu sumva kanthu mpaka madzulo milomo yasweka, mphuno yayamba kusupuka, maso ali psuu. Mpweya wa kuno ndi woyera, mulibe fumbi ndi utsi wotchinga, komanso m'miyezi ino dziko limakhala likuyandikira dzuwa. New Zealand ndi Australia ndi amene ali patsogolo pa khansa ya pakhungu. Chipewa cha mlomo waukulu, magalasi a dzuwa, mafuta odzitetezera, makamaka inu a dazi. Mafutawo mudzagula konkuno. Ngati alamu amavutika ndi chimfine cha mungu, anyamule mankhwala awo, chifukwa udzu umakhala ukuchita maluwa.

Chokoma chake n'chakuti masana ndi aatali. Kumapeto kwa Novembala ku Queenstown dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku. Mudzadabwa mukudya chakudya chamadzulo kunja kuli mbee. Nthawi ya kuno ili patsogolo ndi maola 11, ndiye masiku awiri oyamba thupi lidzasokonekera. Mukafika masana musagone, yendayendani panja mpaka kude, ndipo tsiku loyamba musagwire chiwongolero.

Za ulendo weniweniwo, maganizo anga ndi awa: masabata awiri musafune kuona zisumbu zonse ziwiri. Pa mapu dzikoli limaoneka laling'ono, koma misewu yake ndi yopapatiza, yokhotakhota, yokwera mapiri. Sitima yowolotsa anthu ndi magalimoto pakati pa zisumbuzi, kuchokera ku Wellington kupita ku Picton, imatenga maola atatu ndi theka, ndipo nyanja ya Cook Strait ikalusa ulendo amaulephereza. Khalani ku South Island, chisumbu chakummwera chino, muone zochepa koma muzione bwino. Ndipo pa masiku anayi aliwonse siyani limodzi lopanda pulogalamu, lodzabwezera limene mvula yakulandani. M'mawa uliwonse muziyamba mwaona zanyengo pa MetService pa foni.

Kuchoka kuno kupita ku Lake Tekapo ndi maola atatu. Mukafika chapakati pa Novembala kupita kutsogolo mudzapeza maluwa a lupin atayala m'mbali mwa nyanja, ofiirira, apinki, oyera, kumbuyo kwake madzi obiriwira modabwitsa ndi mapiri a chipale. Alendo amajambulitsa mpaka foni kudzaza. Oteteza zachilengedwe sawakonda n'komwe, chifukwa ndi obwera, amadzaza m'mitsinje momwe mbalame za kuno zimaikira mazira. Jambulani, koma njere zake musatole. Kuchoka apo mupita ku Aoraki Mount Cook, phiri lalitali kuposa onse kuno, mamita 3,724. Nsonga yake imakonda kubisala m'mitambo, ndiye mukagona pafupi usiku umodzi mwayi woiona umakula.

Ku Wānaka kuli njira yotchuka yokwera Roys Peak. Chaka chilichonse amaitseka kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 10 Novembala, chifukwa imadutsa m'famu ndipo nkhosa zimakhala zikuswa. Njira zina zodutsa m'mafamu zimatsekedwanso chimodzimodzi, ndiye muziona kaye pa tsamba la Department of Conservation, nthambi ya boma yoona zachilengedwe. Milford Track ija munaiona pa kanema, ya makilomita 53 ndi theka, masiku anayi, malo ake ogona amatha miyezi yambiri m'mbuyo. Ngati simunasungitse, ichotseni m'mutu, mudzayenda njira zatsiku limodzi, zilipo zambiri.

Koma ku Milford Sound kokha, kumene nyanja imalowa pakati pa mapiri, mupite. Mugone ku Te Anau, osati ku Queenstown, chifukwa kuchokera ku Queenstown ndi maola anayi kupita, anayi kubwerera, mudzangoona msewu. Thirani petulo wodzaza ku Te Anau. Kumeneko mvula imapitirira mamita 6 pachaka, ndiye mukadzuka ikugwa musakhumudwe. Ine ndimati tsiku la mvula ndilo labwino, chifukwa makoma onse a mapiri amasanduka mathithi, madzi akutsika paliponse, ena mphepo ikuwabweza m'mwamba asanafike pansi. Musanalowe mumsewu woboola phiri wa Homer Tunnel mumaima pa maloboti, ndipo pamenepo pamabwera mbalame zotchedwa kea, zinkhwe za kumapiri, zobiriwira, kunsi kwa mapiko kofiira. Imatera padenga la galimoto, kukuyang'anani chopendeketsa mutu, kenako n'kuyamba kusomphola labala wa pawindo inu mukuona. Musaipatse chakudya, n'zoletsedwa, ndipo windo mutseke. Pofika kunyanjako valani zamanja aatali ndi sokosi, mudzole mankhwala othamangitsa tizirombo. Kuli tintchentche takuda ting'onoting'ono timene timaluma mukangoima, ndipo kuyabwa kwake kumatha sabata. Njoka kulibe m'dziko muno, alamu amasuke.

Pagalimoto, amayendera kumanzere. Laisensi yanu ikhale yolembedwa m'Chingerezi ndipo muziyenda nayo. Liwiro ndi 100 kunja kwa tauni, 50 m'tauni, pokhapokha chikwangwani chitanena zina. Lamba aliyense, ndi wakumbuyo yemwe. Foni m'manja ayi. Chachilendo ndi milatho ya galimoto imodzi, yochuluka kwambiri kumadzulo kwa chisumbu chino. Musanafike pali chikwangwani cha mivi iwiri. Muvi wa mbali yanu ukakhala waung'ono ndi wofiira, odikira ndinu. Mukaona magalimoto atandandana kumbuyo kwanu, patukani pamalo abwino adutse, anthu a kuno zimawanyansa kwambiri. Ndipo osaima pakona kuti mujambule nkhosa.

Mukafika sabata yachiwiri ya Novembala, Christchurch imakhala pa chikondwerero cha mipikisano ya mahatchi ndi chionetsero cha zaulimi, ndipo Lachisanu lake ndi holide m'chigawo cha Canterbury. Kogona muli nako kwa ine, koma galimoto yobwereka musungitsiretu.

Kunyanja mudzakopeka, koma madzi amakhala akadali ozizira zedi. Mukafuna kusamba, sambani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu pamene pali opulumutsa anthu. Pamene palibe mbendera, ingonyowetsani mapazi, chifukwa pali mikokomo ya madzi imene imakokera munthu kwakuya, ndipo imakhala pamene pakuoneka pabata.

Mukaitanidwa ku marae, bwalo la a Māori, anthu oyamba kukhala m'dziko muno, musalowe nokha, mumadikira pachipata mpaka akuitaneni. Nsapato mumavula polowa m'nyumba yamisonkhano, ndipo akakupatsani moni wogunditsana mphuno musabwerere m'mbuyo. Patebulo osakhalapo, ngakhale kuikapo chipewa, kulikonse kumene muli. M'malesitilanti ndalama yapamwamba safuna, ndipo mtengo wolembedwa ndi womwewo, msonkho wa 15 peresenti uli kale momwemo.

Inshuwalansi ya paulendo mugule. Kuno kuli bungwe la ACC limene limathandiza kulipira chithandizo cha aliyense wovulala pangozi, ndi mlendo yemwe, koma matenda salipira. BP ikakwera mukagonekedwa, bilu yonse ndi yanu. Nambala ya polisi, ambulansi ndi ozimitsa moto ndi 111.

Chomaliza ndi chivomerezi, ndipo sindikukuopsezani. Mzinda uno wa Christchurch unagwedezeka pa 22 Febuluwale 2011, anthu 185 anamwalira, ndipo cha ku Kaikōura cha mu Novembala 2016 chinatseka msewu wa m'mbali mwa nyanja kwa chaka chathunthu. Pansi pakayamba kugwedezeka musathamangire panja. Gwadani, lowani pansi pa tebulo, gwirani mwendo wake mpaka zitasiya. Ngati muli pafupi ndi nyanja ndipo chagwedeza mwamphamvu moti simungathe kuima, kapena chapitirira mphindi imodzi, musadikire wina kuti akuuzeni, nyamukani wapansi kupita kumtunda.

Tikiti mukagula munditumizire nambala ya ndege ndi nthawi yofikira ku Christchurch. Alamu andiuzenso saizi ya jekete yawo, ndili nazo ziwiri, mwina imodzi iwakwana.