Magazi akabwerera amathanso kuwononga, nanga ma steroid amathandiza?

Anthu anga muli bwanji, kuno ku Mzuzu kwacha ndi kamvula kathu kaja, mundikhululukire chijekete chi. Munakwerapo minibasi yochokera ku Nkhata Bay mutapanikizana mpaka mwendo kuchita dzanzi? Kupweteka kumayamba mwatsika kale pa depoti, magazi atabwerera, mwendo nkumabaya ngati singano. Izo nzazing'ono, zimatha zokha. Koma mtsempha ukatsekeka kwa maola, kaya wa mtima kaya mwendo wapsinjidwa ndi khoma, magazi pobwerera amatha kuwononganso kachiwiri. Madokotala amati reperfusion injury.

Zili ngati mpope umene wauma masiku atatu, madzi akabwera umayamba watsokomola kaye, kenako matope okhaokha. Oxygen ikafika mwadzidzidzi m'maselo ofooka kale aja imapanga tinthu towotcha totchedwa ma free radical, asilikali a m'magazi nkuthamangira pompo, malo nkutupa, maselo ena amene akanapulumuka nkufa.

Apa mpamene ma steroid amalowera. Osati a ku jimu aja ayi, ndikunena dexamethasone, prednisolone, methylprednisolone, abale ake a cortisol amene thupi limapanga lokha m'tiziwalo tokhala pamwamba pa impso. Ntchito yawo nkuziziritsa kutupa, ndiye maganizo anali oti mpatseni munthu magazi asanabwerere, asilikali aja afike ali ofatsa. Zomveka eti?

Koma atayesa pa anthu ambiri zinatuluka zina. Kafukufuku wa SIRS wa mu 2015 anatenga odwala 7,507 ochitidwa opaleshoni ya mtima, ija yoti makina amagwira kaye ntchito ya mtima ndi mapapo, theka anapatsidwa methylprednisolone theka ayi, ndipo imfa sizinachepe. Wa DECS ku Netherlands mu 2012 anayesa dexamethasone pa anthu 4,494, nawonso sanapeze phindu lalikulu limene ankayembekeza.

Chimene chimandisangalatsa ine nchoti kutupa kuja si mdani basi. Asilikali omwewo ndi amene amachotsa maselo akufa kuti mtima upange chipsera cholimba, mukawagonetsa kwambiri chilonda chimachedwa kupola, kwinaku shuga akukwera m'magazi, matenda ena nkupeza polowera. Nchifukwa chake munthu akafika kuchipatala ndi mtsempha wa mtima wotsekeka, dokotala amathamangira kuutsegula msanga, sayamba ndi prednisolone.

Vidiyo yotsatira tikamba za impso, chifukwa munthu wochotsedwa pansi pa khoma uja, mkodzo wake umatha kusanduka wakuda ngati tiyi wopanda mkaka.