Makalata a Omvera: Mwana Wotupa Milomo Akadya Zotendera

Makalata ambiri a sabata ino akudandaula za ziwengo, ndipo ndiyamba ndi ya mayi wina wa ku Mchinji, yomwe yandikhudza mtima. Akuti mwana wawo wa zaka zinayi akadya nkhwani wotendera milomo imatupa, thupi lonse limatuluka zidzolo zoyabwa, ndipo tsiku lina anabanika mpaka m'chifuwa mumamveka kulira. Apongozi awo akuumirira kuti azimupatsabe nsinjiro pang'onopang'ono kuti azolowere, pomwe anansi akuti mwanayo analodzedwa.

Mayi, palibe amene walodza mwana wanu. Chitetezo cha m'thupi, chimene ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda, nthawi zina chimasokonezeka n'kumaona chakudya chabwinobwino ngati mdani. Chikatero chimapanga asilikali otchedwa IgE, ndipo mtedza ukalowanso m'thupi maselo ena amatulutsa histamine, amene amatupitsa khungu ndi kuyambitsa kuyabwa. Kutupako kukafika kummero mpweya umatsekeka ndipo magazi amasiya kuthamanga bwino m'mphindi zochepa chabe. Madokotala amati imeneyi ndi anaphylaxis, ndipo chimene chimapulumutsa munthu pamenepo ndi jakisoni wa adrenaline kuchipatala, osati Piriton wa m'thumba.

Agogo, ndikulankhula nanu mwaulemu wonse. Ndikudziwa kuti ku Mchinji mwana wokana mtedza amaoneka ngati mlendo pamudzi, koma kumuzoloweza kunyumba ndi kusewera ndi moyo wake, chifukwa kutupa kwa lero sikutiuza kukula kwa kutupa kwa mawa. Mayi, ndiwo za mwanayo muziphika padera, ndipo mthiko, chipande ndi mtondo zimene zakhudza nsinjiro muzizitsuka bwino. Pemphani adokotala alembe vutoli m'kabuku kake ka kuchipatala, popeza chiponde chimene amapatsa ana onyentchera chimapangidwa ndi mtedza womwewo. Aphunzitsi ake a kumkaka nawonso adziwe.

Bambo wa ku Ndirande amene mumayetsemula m'mawa uliwonse opanda malungo, kayikirani nthata zosaoneka ndi maso zokhala m'matiresi, komanso mphemvu. Muziyanika matiresi padzuwa ndi kuchapa zofunda kawirikawiri, mkazi wanu musamunamizire mafuta ake odzola. Chemwali wa ku Zomba amene mwafunsa ngati munthu angatenge ziwengo kwa mnzake, ziwengo sizipatsirana, ngakhale kuti zimakonda kuyenda m'magazi pamodzi ndi mphumu. Achimwene a ku Salima amene mukudandaula za kuyabwa mukakhudza chitedze, chitedze chimayabwa aliyense, choncho inu simukudwala, mungosintha njira yopita kumunda.

Makalata angapo akunena za zidzolo zotuluka munthu atamwa mankhwala ogula pamsika, ndipo apa ndidzudzula. Tazolowera kugula makapisozi ngati maswiti, osafunsa n'komwe dzina lake, chonsecho penicillin ndi Bactrim ali m'gulu la mankhwala amene amawenga anthu kawirikawiri. Mukamwa mankhwala n'kuona zidzolo, makamaka pamodzi ndi zilonda m'kamwa, maso ofiira kapena khungu losupuka, musamwenso, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mutanyamula paketi yake, ngakhale atakhala Bactrim amene munapatsidwa kuti muzimwa tsiku ndi tsiku. Akabaza ndi madalaivala a minibasi, kumbukiraninso kuti Piriton amagonetsa, choncho mufunse achipatala za cetirizine, amene sagonetsa kwambiri.