Jambulani Mawu a Agogo, Foni Yanuyo Ikukwana

Muli bwanji a ku Ndirande, a ku Bangwe, a ku Chilomoni, ndi inu amene mukutionera muli ku Joni! Lero tikambirana za kujambula nkhani za agogo pa foni n'kuzisunga. Dinani kaye subscribe, kabelu kajanso musakaiwale.

Choyamba, pemphani chilolezo, ndipo chimveke m'mawu ojambulidwawo: dzina lawo, tsiku, malo, komanso ngati alola kuti ena adzamve. Chachiwiri, foni ikhale yodzaza moto, pa flight mode, pafupi ndi pakamwa pawo. Wailesi izime. Mvula ikamagwa pa malata, mubwerenso mawa. Izi n'zapafupi, tisatayepo nthawi.

Chachitatu... ayi, imani kaye. Pali bodza lina limene limandipsetsa mtima. Akuti, "Agogo amasokoneza zaka, zokamba zawo ndi nthano chabe, mbiri yeniyeni ili ku National Archives ku Zomba." Aaa, koma abale! Mapepala a ku Zombawo ndi ofunika, sindikukana, koma analemba ndani? Ambiri a nthawi ya atsamunda analemba ndi bwana DC ndi anzake, kulembera mabwana awo. Tengani njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri boma lino la Blantyre. Pepala likuuzani za chimanga chimene boma linagawa. Koma wofufuza wina atakhala pamphasa ndi amayi a m'midzi ya kuno, anamva m'nyimbo zawo za pamtondo kuti amuna ambiri anathawa mabanja, kusiya akazi ndi ana akukumba mizu kutchire. Ndi DC uti akanalemba nyimbo ya pamtondo?

Nanga za zakazo? Agogo akati "chaka chimene ndege ya Wenela inagwa", basi akuuzani kale: ndi 1974, ku Francistown, ndipo ngoziyo itachitika Kamuzu analetsa ulendo wa kumigodi. Chaka mupeza nokha pa intaneti. Chimene simupeza n'chakuti mayi wotsala pakhomo uthengawo unamufika bwanji, ndipo ana anawalera ndi chiyani. Ndiponso musaiwale kuti nthawi ya chipani chimodzi kulemba zakukhosi kunali kudziputira ndende ya Mikuyu. Anthu ankasunga m'mutu. Amene anatsekeredwa ku Kanjedza mu 1959 atsala owerengeka. Amene anaona zipolowe za May 1992, ogwira ntchito ku David Whitehead atanyanyala, lero ali ndi imvi, mumakwera nawo minibasi ya ku Limbe osadziwa. Ndiye wina azindiuza kuti zimenezo ndi nthano? Ngati mukugwirizana nane, ipatseni like vidiyoyi.

Chabwino, chachitatu chija. Musafunse kuti "Agogo, tiuzeni mbiri yanu", akuyankhani kuti "Ine ndilibe mbiri, mwanawe." Funsani zazing'ono: "Tsiku la referendamu, 14 June 1993, munadzuka nthawi yanji? Pamzere munaima ndi ndani? Munavotera nyali kapena tambala, kapena simufuna kunena?" Tengani chithunzi chakale kapena khadi lachipani ngati lilipo, muone mmene nkhani itulukire. Akakhala chete, inunso khalani chete. Akalakwitsa chaka musawadule, lembani pambali. Ndipo amalume aja oyankhira anzawo, atumeni kumsika.

Achinyamatanso ndi mboni. A ku Chilobwe anaona matope akutsika m'phiri la Soche nthawi ya Freddy mu March 2023. Koma apa pitani mofatsa. Munthu akati zakwana, zimitsani foni.

Chachinayi, kusunga. Musangotumiza pa gulu la banja la WhatsApp n'kumati mwasunga, foni ikabedwa kapena kugwera m'madzi zathera pomwepo. Fayilo ikhale ndi dzina la munthu ndi tsiku, ikhale malo atatu: pa kompyuta, pa flash, ndi pa Google Drive. Wachibale wina asungenso yake.

Sabata yamawa tilowa mu laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, nyumba ya 1882, tikaone mmene mungayerekezere zokamba za agogo ndi zithunzi zakale. Amene simunadine subscribe, ndikukuonanitu!